Nyanja Inachoka, Mlendo Sakuchoka

Lolemba, 10 Malichi 1997

Lero ndadzichotsa ulemu ndekha, popanda wondithandiza.

Masana ndinali pa masitepe akutsogolo, kutsuka matailosi. Chitenje chakale cha abambo m'chiuno, kumaso ufa wa mpunga mbuu ngati mzukwa. Pageti panaima mayi wachikulire, wamfupi, ambulera yakuda, chikwama chachikulu kukhwapa. Kuno ku Kampung Morten anthu oima pageti n'kumayang'ana nyumba sasowa, ndiye ndinangoti ndi woona malo. Ndinayamba ntchito yanga ya ku myuziyamu, yaulere: kuti nyumbayi anamanga agogo, kuti mtsinje wa Melaka umazungulira mudzi wathu ngati mkono wa apongozi, sufinya koma sukusiyanso. Iwo kumangogwedeza mutu. Kenako anafunsa ngati m'nyumba muno muli ana aakazi.

"Alimo awiri," ndinatero. "Wina amadziwa kuphika, wina amadziwa kulankhula. Onse msika unawakana."

"Iwe ndiwe uti?"

"Mwamva kale, mayi."

Pomwepo amayi anatulukira pakhomo. Nkhope yawo nditaiona ndinadziwa kuti ndafa. Mayi wa ambulera ndi a Mak Long Sabariah, azakhali aakulu a Hilmi wanga, ochokera ku Kedah. H. anandiuza pafoni mwezi watha kuti kwawo atumiza munthu wodzaona banja lathu, koma tsiku sananene, ndipo iye ali kutali ku Sabah kuphunzitsa ana m'mudzi umene foni yake ili pa golosale ya kutsidya la mtsinje.

Atakhala pamphasa, a Mak Long anati amangodutsa. Usiku wonse m'basi, kuchoka kumpoto kwa dziko kufika kuno, amangodutsa. Abambo, a Haji Dahalan, anati zoonadi, msewu ndi womwewu. Ndi mmene mwambo umayendera: wodzaona sanena chimene wadzera mpaka atakhutira, ife sitifunsa. Akakhutira amafunsa za duwa la m'munda n'kusiya mphete. Akapanda kukhutira amayamika tiyi n'kumapita.

Tiyi ayamika. Koma sanapite. Agona m'chipinda changa, ine ndasamukira kwa mkulu wanga, Kak Ramlah.

Ndikuseka ndekha ngati wamisala. Mphete ili m'chikwama chija, ndikuimva fungo.

Lachiwiri, 11 Malichi

M'mawa patapata imodzi ya Kak yasowa pa masitepe. Yakumanja. Amayi akuti ndi ng'azi ya mumtsinje, ija inaba mutu wa nsomba chaka chatha. Kak anangoti ng'aziyo iyende bwino, n'kuvala nsapato zake zoyera za unamwino, ulendo ku kiliniki.

ML (ndiziwalemba choncho, dzanja lingatope) anati poti akudutsa, aone mzinda. Ndinapempha tchuthi. Abwana anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi n'kufunsa ngati kwathu kwagwa maliro, poti ndapesa tsitsi.

Tinayambira pa bwalo la nyumba zofiira za Adatchi, kenako kukwera phiri la tchalitchi chopanda denga. Zaka zinayi za ku yunivesite ndinazikhuthula zonse panjira: mafumu, Apwitikizi, Adatchi, Angerezi, aliyense kubwera ndi chombo chake n'kusiya khoma lake. Pa chiboliboli chopanda mkono ndinawonjezera bodza langa limene azungu amalikonda, loti mkonowo unapita kukaloza nyanja ndipo sunabwererebe. Sanaseke. Anangoti, "Ndiye nyanjayo ili kuti?"

Kani mayiyu anakhalapo kuno. Ali mtsikana wongokwatiwa kumene, malemu amuna awo ali apolisi, ankakhala m'malaini ku Banda Hilir. Akuti ukatsika phirili, kudutsa chipata chakale cha Apwitikizi ndi bwalo la udzu, unkafika pakhoma, kuseri kwa khomalo madzi. Madzulo ankakhala pamenepo kudya mtedza, mafunde kumanyowetsa mapazi.

Ndinawatengera pamalopo. Pali magalimoto oimikidwa, sitolo yaikulu yozizira m'kati, kenako misewu ya Melaka Raya, mashopu okhaokha, pamchenga wothira. Ndinawauza kuti nyanja inasamuka, inatopa ndi alendo. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. Pakamwa panga, pakamwa panga.

Titawoloka mlatho kulowa mumzinda wakale, pa Jalan Tokong, msewu wa mzikiti ndi akachisi awiri oyandikana ngati akazi a mitala ogwirizana, anandikhazika pa benchi, n'kundigulira cendol, kuti ali ndi kanthu kochita okha. Analowa kamsewu ndi chikwama chawo. Ine kumeza ayezi ndi shuga wa kanjedza, kuganiza kuti akapukutitsa mphete yanga.

Chimodzi chokha. Njira yonse yobwerera mafunso anali a Kak. Amaima tsiku lonse ku ntchito? Mapazi samutupa? Zaka zake? Anabwerapo omufunsira?

Mwina ndi ulemu chabe.

Lachitatu, 12 Malichi

Sanafunsebe. Abambo akhala pakhonde ndi chisoti cha ku mzikiti ndi malaya a chikondwerero kuyambira dzana, thukuta kamukamu, ati mawu angawapeze ali m'vesiti.

Lachinayi, 13 Malichi

Lero kusaka nyanja.

Choyamba Bunga Raya, msewu wa nsalu. Sitolo ndi sitolo, mmwenye aliyense kutsitsa mipukutu mpaka denga kuyera. Mtima wanga kuvina. Ndinaloza yapinki, mwamanyazi, ngati mwana wabwino. ML anaikankhira pambali n'kufunsa kuti Ramlah amakonda mtundu wanji. Ndinati wobiriwira, ngati makatani a kuchipatala. Anagula yobiriwira, ya maluwa a golide, yodula kuposa zonse. Ine ndinanyamula.

Kenako beca, njinga ya mawilo atatu yonyamula anthu. Woyendetsa anali mkulu wopanda mano akutsogolo, atamva kuti tikufuna nyanja anati iyenso akuifuna, ikapezeka timuuze. Tinadutsa msewu wa nyumba zazitali za amalonda achitchaina, zija zopapatiza kutsogolo koma zotalika m'kati ngati nkhani za abambo. ML akuti kale khomo lakuseri la nyumba zimenezi linkatsegukira m'madzi, akazi ankataya zotsuka mbale m'nyanja mwenimweni. Lero kuseri kuli Kota Laksamana, nyumba zosanja ndi malo ogulitsa matayala. Tengkera, pa mzikiti wa nsanja yoyera: kale mchenga, lero msewu. Limbongan: timadzi tamatope kuseri kwa mpanda wa malata. Mkulu wa beca anatisiya pamenepo, ati miyendo yake inathera mu ulamuliro wa Angerezi. Tinakwera basi.

Ku Klebang tinaipeza. Yabulauni, yaulesi, zombo zikuluzikulu zikudutsa patali. ML anavula nsapato, anakweza nsalu pang'ono, analowa mpaka mu akakolo. Anaima nthawi yaitali. Ine kwa kanthawi ndinatseka pakamwa, ndipo ndikufuna zilembedwe kuti ndinatha.

Atatuluka anati yachepa. Ndinati yakalamba, ngati tonse. Apa anaseka! Kamodzi, kudzera m'mphuno, koma ndinamva.

Ndinafika kunyumba ndikuuluka. Kak anali ataphika nsomba ya msuzi wowawasa wa tsabola. ML anadya mbale ziwiri, anagwira dzanja la Kak, n'kunena kuti nyumba imene idzalandire manja amenewa idzakhala yodala. Anamuyang'ananso mpaka kumapazi.

Kukhitchini amayi anandikokera pakona. Akuti, kodi Hilmi anawauza bwino abale akewo kuti mwana wake ndi uti? Chifukwa anthu a kumpoto ndi a mwambo, akamva kuti mwana wamkazi wa a Haji Dahalan, amayamba kuwerenga kuchokera pamwamba. Ndinati ndipita ndikawafunse ML. Amayi anagwira pamtima, ati ndikatero banja lathu lidzanenedwa kuchokera kuno mpaka ku malire a Thailand.

Nsalu yobiriwira. Mapazi samutupa. Ayi. Ayi ndithu.

Lachisanu, 14 Malichi

Ndinaimba ku Sabah m'mawa. Mwini golosale akuti mtsinje wadzaza, aphunzitsi sangawoloke mwina mpaka sabata ya mawa, kodi pali uthenga? Ndinene chiyani, kuti azakhali anu akukwatitsani kwa mkulu wanga? Ndinati muwauze kuti kuno kukutentha.

Amuna atapita ku mzikiti, ML anati akufuna Bukit Cina. Tinakwera pakati pa manda akale achitchaina, iwo patsogolo ndi ambulera, ine m'mbuyo kupuma ngati ng'ombe. Pamwamba mzinda wonse uli pansi ngati mphasa. Ndinawalozera: uko Kampung Hulu, uko Kampung Jawa, uko kumene kunkakhala amalonda a ku India, uko kutali Ujong Pasir kwa asodzi a chipwitikizi. Aliyense anabwera ndi mphepo, kudikira kuti mphepo itembenuke abwerere kwawo, ndiye podikirapo n'kukwatira. Mzinda wonsewu ndi alendo amene anati akungodutsa.

Nditanena ndinaluma lilime. ML anangotsegula ambulera.

Ndiye satana anandilowa. Ndinayamba kunena, ngati nkhani wamba, kuti Kak amaliza mkonono. Kuti m'mawa salankhula ndi munthu asanamwe khofi. Kuti anabaya jekeseni mphunzitsi wina mpaka analira. (Zoona, koma anali wa masamu.)

"Umamunena mkulu wako kwa alendo?" anatero.

"Kwa alendo amene ndawakonda okha."

"Hm. Iye za iwe wandiuza zabwino zokhazokha."

Manyazi anandigwira mpaka kuzala zakumapazi. Patsinde pa phiri, pa chitsime chakale chija amati ukaponyamo kandalama udzabweranso ku Melaka, ML anaponyamo. Ndinatsala pang'ono kulowamo kukakatola.

Madzulo ndinamupeza Kak kuseri, akuanula zovala m'mbali mwa mtsinje. Ndinamufunsa, moseka, kuti akakufunsira iweyo utani? Anati avomera, uphunzitsi ndi ntchito yabwino, ndipo Hilmi ali ndi mitsempha yooneka bwino, yosavuta kubaya. Nkhope osasintha. Ndinamugenda ndi chopanira zovala.

Kenako anapinda chitenje, anachipindanso, n'kunena osandiyang'ana: "Zah, chiyambire nkhani yako ndi Hilmi, aliyense m'nyumba muno wafunsidwa maganizo. Ngakhale mtundu wa makatani munafunsa a neba."

Ananyamula dengu n'kulowa.

Ndakhala ndikufufuza m'mutu tsiku limene ndinamufunsa. Kuti Kak, ine mng'ono wako wa zaka zisanu ndi ziwiri kumbuyo ndikutsogola, anthu ku ukwati azidzakufunsa kuti nanga iwe liti, ukuti bwanji? Ine wolankhula. Ndauza anthu a ku Japan mbiri ya mwala uliwonse wa mzinda uno. Tsikulo sindikulipeza.

Loweruka, 15 Malichi

Patapata yabwera! Ili pa masitepe pambali pa inzake, yotsukidwa. Amayi akuti ng'azi yalapa. Abambo akuti sanaonepo ng'azi yogwiritsa ntchito sopo.

ML anatuluka okha m'mawa, anakana kuperekezedwa, ati mzindawu tsopano akuudziwa kuposa ine. Abwera chikwama chitatupa. Alengeza kuti mawa akufuna banja lonse pamphasa dzuwa lisanakwere, poti basi yawo ndi yamasana.

Ndinayesa kulankhula ndi Kak kawiri. Koyamba ndinamufunsa ngati akufuna khofi. Kachiwiri ndinamufunsa ngati khofiyo anali bwino. Digiri yanga ikatayidwe mumtsinje.

Kachitatu ndinatha. Anali akusita yunifolomu. Ndinati, Kak, ukanena kuti ndidikire, ndidikira. Ndinanena ndi mtima wonse, ngakhale ndinkaopa kuti angavomere. Anaimika simbi, anandiyang'ana ngati akundiyeza malungo, n'kuti ndichoke pa waya.

Mawa kaya mphete, kaya tiyi. Kaya mphete ya wina. Ndasita zovala zitatu.

Lamulungu, 16 Malichi

Lero zilembo zikhala ngati mapazi a nkhuku. Zilibe kanthu.

Tonse pamphasa. Abambo ndi chisoti chawo, chimene tsopano chikhoza kuima chokha. Amayi, Kak, ine pakona maso pansi ngati mwana wa anthu. ML anakoka chikwama, anakhosomola, n'kunena kuti asanalankhule ndi eni munda, ali ndi mawu ndi Ramlah.

M'makutu mwanga munalira belu. Amayi anandigwira bondo.

Anatulutsa nsalu yobiriwira. Kenako kabokosi. M'kabokosimo nsapato za mikanda, zija amasoka achitchaina a mumzinda wakale, timikanda tating'ono ngati mchenga, mbalame ziwiri ndi maluwa. Anaziika patsogolo pa Kak.

"Mwana wathu akufuna kulowa m'nyumba muno," anatero, "koma pakhomo pali chiundo, ndipo chiundocho ndiwe. Wamng'ono salumpha wamkulu popanda kupempha. Ine ndinalumphidwa. Mng'ono wanga anatsogola, a kuchimuna anabweretsa nsapato monga mwa mwambo, anangogula pamsika osandiona n'komwe. Zinali zothina. Ndinazivala tsiku lonse la ukwati ndikumwetulira, zikhadabo ziwiri zinachoka. Ndiye ndinati ine ndikadzatumidwa, ndidzayamba ndaona phazi. Wosoka anati Loweruka, ndiye ndinadikira Loweruka. Vala. Zikakuthina unene, ndibwerera nazo pamodzi ndi mawu anga onse."

Mwambowu ndimaudziwa. Ndinalembapo mayeso. Ndimaufotokozera alendo Lachinayi lililonse pa chipinda cha zaukwati, ndi nthabwala zake. Lachinayi lomweli ndinanyamula nsalu ya mwambowo m'manja mwangamu osauzindikira, chifukwa ndinkaganiza kuti chilichonse cha m'chikwama chija ndi changa.

Kak anavala. Anaimirira. Anayenda mpaka pazenera, anabwerera. Anapita kukhomo, anadutsa thabwa lija timapunthwapo tonse, anatuluka pakhonde, anatsika masitepe, tikumva ko, ko, ko pa matailosi. Anakwera. Anaima kuyang'ana mapazi ake. Ine ndinali nditasiya kupuma kalekale. Ndikulumbira anachedwa dala.

"Chala chaching'onochi," anatero Kak, n'kuima kaye.

Abambo anavula chisoti.

"Chili bwino. Zikukwana, Mak Long. Alumphe. Koma akweze mwendo, ameneyu amapunthwa."

Ndinalira ngati mbuzi. Ufa wonse wakumaso unatsikira m'khosi.

Kenako ML anatembenukira kwa abambo n'kufunsa, mwaulemu wonse, kuti amva kuti m'munda muno muli duwa, kodi pali njuchi imene inaterapo kale? Abambo, amene akhala akuloweza yankho lawo pagalasi kuyambira Lolemba, anaiwala lonse. Anangoti, "Palibe. Tengani. Chonde."

Mphete ndi yopyapyala, ya kamwala kofiira. Amayi anandiveka.

Pomwa tiyi ndinalimba mtima n'kuwafunsa ML ngati sakudandaula kuti apeza wolankhula m'malo mwa wophika. Anati Hilmi amaphika yekha kuyambira ali mwana, koma kumudzi akukhalako kulibe wailesi.

Beca inabwera dzuwa lili pamutu, mkulu yemwe uja wopanda mano. Anafunsa ngati nyanja tinaipeza. ML anati inde, yachepa, koma ikadalipo. Anakwera, chikwama chafwapa pamiyendo, ambulera m'mwamba. Anatikumbutsa kuti anaponya kandalama m'chitsime, ndiye pa ukwati adzabwera msanga, mwina milungu iwiri usanachitike, kudzangodutsa. Amayi anamwetulira kumwetulira kwa munthu woponda msomali.

Tinaima pageti mpaka ambulera yakuda inakwera mlatho n'kutsikira kutsidya, kumene kuli mabasi.

Abambo alowa kukavala vesiti. Ine ndakhala pa masitepe ndi bukuli, kutembenuza dzanja kuti kamwala kagwire dzuwa. Kak wakhala pa sitepe yapamwamba, nsapato za mikanda kumapazi, akukana kuvula. Ndamuuza kuti koma mayi uja ndi katswiri, kuba patapata m'nyumba ya eni osagwidwa.

"Kuba?" watero Kak, akupukuta mbalame yakumanja ndi chala. "Ndinawapatsa ndekha Lachiwiri m'mawa, iwe ukupesa tsitsi."